Funsani Azakhali: Ana tipite nawo kunja, kapena atsale kwa agogo?

Makalata anayi amene ndasankha mwezi uno onse akununkha ulendo. Ndayamba ndi ya mayi wa ku Chinamwali chifukwa yandibwezera m'chaka cha 2011, pamene ine ndi bambo a kwathu tinakhoma nyumba ku Matawale n'kukakwera ndege pa Chileka, mwana wa zaka 5 atagwira chitenje changa, wa chaka ndi theka ali kumsana. Tinakakhala ku Glasgow zaka zisanu, iwo akuchita maphunziro a PhD, ine ndikulera ana masana n'kumakolopa maofesi usiku, ngakhale kuno ndinali mphunzitsi wa sekondale.

Azakhali,
Ndine namwino. Mayeso a Chingerezi ndinalemba kawiri, ndakhoza, ndipo chipatala china ku Scotland chandilemba ntchito. Malipiro ake ndi abwino ndipo akuti sukulu ya ana ndi yaulere. Amuna anga ndi mphunzitsi wa sekondale. Tili ndi mtsikana wa zaka 6 amene ali Sitandade 1 ndi mnyamata wa zaka 3. Apongozi anga akuti anawo atsale nawo ku Jali mpaka titakhazikika, akuti kunja ana amalowerera. Amuna anga akuti tinyamuke tonse tsiku limodzi. Ine tulo sindikuona. Ndimvere ndani?
Mayi wa awiri, Chinamwali

Mwanangu, poyamba ndikuyamikeni, mayeso amenewo agwetsa anthu ambiri anzeru. Koma m'kalata mwanumu mwawerengera ndalama, mwawerengera sukulu, manja okha simunawerenge. Madzulo ano mukhale pansi muwerenge anthu amene amugwirako mnyamata wanuyo kuyambira m'mawa. Mtsikana wantchito wamusambitsa. Mng'ono wanu amene mukumulipirira fizi wamudyetsa phala. Mayi a nyumba yoyandikana nayo amukoka pamsewu kabaza akubwera. Mkulu wa pa okala wamupatsa switi n'kumuuza kuti azipita kwawo. Inu muli ku wadi mtima uli m'malo, ndipo mwa onsewo mwalipira mmodzi yekha. Kumene mukupitako manja amenewa kulibe. Atsala anayi, anu ndi a amuna anu, ndipo anuwo chipatala chawagula kale, maola 12 pa shifiti, usiku ndi Lamlungu lomwe.

Sukulu ya pulayimale kumeneko imayamba cha m'ma 9 koloko n'kuweruka cha m'ma 3 koloko masana. Mwana wamng'ono saweruka yekha ngati kuno, aphunzitsi amamugwira pakhomo mpaka aone nkhope ya munthu wamkulu amene munamulembetsa. Wa zaka 3 boma la Scotland limamulipirira maola 1,140 pachaka ku sukulu ya mkaka, pafupifupi maola 30 pa sabata nthawi ya teremu. Nthawi yathu anali ochepa kwambiri, inu mwachita mwayi. Maola opitirira pamenepo mumalipira nokha, ndipo mtengo wake umatha kumeza malipiro onse a munthu wa ntchito wamba. Pa viza yanu padzalembedwanso kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, choncho ndalama ya ana imene anzanu a kumeneko amalandira inu simudzaiona.

Ndiye tiwasiye kaye apongozi, tikambe za amuna anu. Akuti tinyamuke tonse, chabwino, koma akudziwa chimene akukakhala? Satifiketi yawo siiwalowetsa m'kalasi mpaka bungwe loyang'anira aphunzitsi la General Teaching Council for Scotland litawalembetsa, ndipo zimenezo zimadya nthawi ndi mapepala. Viza idzawalola kugwira ntchito, koma ntchito zogwirizana ndi mashifiti a namwino ndi zolongedza katundu usiku, kukolopa, kusamalira okalamba. Ine ndinadutsamo. Kuno ana a Fomu 4 ankaimirira ndikamalowa m'kalasi, uko ndinkakoka ndowa m'makonde a ofesi 5 koloko m'mawa, wondipatsa moni palibe. Mkazi zimamuwawa, koma mwamuna wa kwathu kuno zimamuwawa kawiri, chifukwa pa gulu la WhatsApp la anzake sipadzalephera wina woponya kuti "aphunzitsi akuwetedwa". Afunseni mosabisa: adzatha kupesa ndi kumanga tsitsi la mtsikanayo, kuchapa, kuphika nsima inu muli mtulo masana? Ayambe panopa. Mtsikana wantchito mumupatse tchuthi cha sabata imodzi muone mmene nyumba iyendere. Mabanja amene ndinawaona akupasuka ku Glasgow ankapasukira pa nkhani ziwiri, wotsuka mbale ndani ndipo wosunga khadi la kubanki ndani.

Maganizo anga ndi awa. Inu tsogolani nokha miyezi iwiri kapena itatu, ana atsale ndi bambo awo ku Chinamwali konko, m'nyumba imene anaizolowera. Mukafika muli ndi mayeso ena a manja otchedwa OSCE, amene bungwe la anamwino la NMC limafuna lisanakupatseni nambala yogwirira ntchito ya unamwino, ndipo simungawerenge mwana akukulirirani m'chipinda chimodzi. Malo ogona amene zipatala zimapatsa obwera kumene kawirikawiri amakhala a munthu mmodzi. Nyumba ya banja eni ake amafuna dipoziti, lendi yoyamba ndi umboni wa malipiro. Mukaipeza, bambo anyamuke ndi ana onse awiri. Dziwaninso kuti kuti mwana apatsidwe viza, lamulo la Britain limafuna makolo onse awiri akhale ali konko kapena akupita naye, pokhapokha kholo limodzi litasonyeza kuti likulera lokha. Njira yotenga ana n'kusiya bambo njotseka.

Zowasiya ku Jali "mpaka titakhazikika" ndiye ndikukana. Mawu amenewo alibe tsiku. Mnzanga wina wa kutchalitchi anasiya mwana wa zaka 3 kumudzi, akuti chaka chimodzi chokha. Kunabwera ngongole ya tikiti, kunabwera maliro, kunabwera pathupi pena, viza inafuna kukonzedwanso. Mwana anadzatsika ndege ali ndi zaka 9. Tsikulo ndinawaperekeza ku bwalo la ndege. Mayi anathamanga manja ali tambasu, mwana anagwada pansi n'kupereka dzanja, "Muli bwanji?", ngati akulonjera mlendo wa kumpingo. Ulemu unalipo wonse, agogo analera bwino ndithu. Koma akadwala usiku ankalira dzina la agogo, ndipo mng'ono wake wobadwira konko ankamuona ngati wobwera kudzawadyera chakudya. Zinatenga zaka kuti mwanayo ayambe kuseka momasuka pamaso pa mayi ake.

Komabe apongozi anu sakulota. Kaleredwe ka uko n'kena, ndipo amene amavutika kukazolowera ndi kholo. Mwezi wachitatu titafika, mkaka unatha m'nyumba, kunja kukuwaza kamvula kozizira. Wamng'ono anali mtulo. Ndinauza wachisamba kuti "uyang'anire mwana, ndikubwera", monga ndikanachitira ku Matawale, n'kutsika masitepe kupita pa shopu ya pakona. Mphindi 15 sizinakwane. Pobwera ndinapeza gogo wachizungu wa khomo loyang'anizana nalo ataima pakhomo panga, foni ili m'manja, nkhope ili psuu. Anandiuza mosapsatira kuti ndikadzabwerezanso aimbira a zosamalira ana. Ndinakwiya sabata yathunthu, ndikuti gogo ameneyu walera ana angati kuti aziphunzitsa ine. Pambuyo pake ndi pamene anzanga anandimasulira kuti akanaimbadi nkhani ikanafika patali, chifukwa uko kusiya ana aang'ono okha pamene angavulale ndi mlandu. Gogo yemweyo ndiye anadzakhala wondigwirira ana ndikapita kuchipatala, malipiro ake mandasi anayi Loweruka. Koma zinayamba ndi ine kukagogoda ndi mbale m'manja, pakuti uko mnansi sabwera yekha.

Kuyambira Novembala 2020, ku Scotland kumenya mwana, ngakhale kambama kamodzi, ndi mlandu chimodzimodzi kumenya munthu wamkulu. Aphunzitsi amacheza ndi ana za kunyumba, ndipo ana sabisa. Mthiko ukhale wa nsima basi. Kulanga ndi mawu ndi kumana zimene mwana amakonda muyambe kuyeserera musanakwere ndege. Zina zimaseketsa. Tsiku lina aphunzitsi anandiitana, akuti mwana wanu satiyang'ana m'maso tikamamulankhula, kodi kunyumba kuli bwino? Ine n'kuti nditatha zaka zisanu ndikumuphunzitsa kuti wamkulu satong'oleredwa maso. Mwanayo anachita kuphunzira ulemu uwiri, wa kusukulu ndi wa kunyumba, ndipo anaugwira msanga kuposa mayi ake.

Za mapepala ndithamange. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake ndi chiphaso cha kubadwa cha ku NRB chokhala ndi maina a makolo onse awiri. Ngati ukwati wanu unathera pa chinkhoswe, pezani satifiketi ya ukwati panopa. Mapepala onse muwayale patebulo n'kuwerenga dzina lililonse chilembo ndi chilembo. Ife tinataya masabata asanu chifukwa dzina la mwana tinalemba ndi "l" pa pepala lina ndi "r" pa linzake, kulakwitsa kwa ife eni, poti m'kamwa mwathu zonse zimamveka chimodzimodzi. Wochokera ku Malawi amayenera kuyezetsa TB pa chipatala chovomerezedwa asanapemphe viza yopitirira miyezi 6. Ana osafika zaka 11 kawirikawiri adokotala amangowaona osawajambula m'chifuwa. Buku la kusikelo likhale m'chikwama cha m'manja. Anamwino a uko adzaliwerenga n'kuwonjezera katemera amene kuno sitipereka, monga wa matsagwidi. Viza ya ogwira ntchito zaumoyo ili ndi ubwino umodzi waukulu: inu ndi banja lanu simulipira ndalama ya chipatala imene a maviza ena amalipira, mapaundi 1,035 wamkulu ndi 776 mwana chaka chilichonse.

Nthawi yofikira muisankhe. Chaka cha sukulu ku Scotland chimayamba pakati pa Ogasiti, choncho ana afike mu Juni kapena Julayi, pamene dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku ndipo vuto lanu lidzangokhala kuwagoneka. Mtsikanayo adzamuika kalasi potengera zaka zake, popanda mayeso, ndipo m'makalasi asanu oyambirira chakudya cha masana n'chaulere. Ife tinafika mu Okutobala. Pofika Disembala kunkada 4 koloko isanakwane, wamng'ono n'kumalirira nsima ya madzulo, kugona, 2 koloko usiku ali maso gwa akufuna kusewera. Kuzizira kwa pa Ku Chawe mu Juni uko amati kunja kwacha bwino. Majekete mugule pa kaunjika mumsika wa Zomba muno, ndi otchipa kuposa uko. Ine ndinaseka ndekha m'basi nditazindikira kuti jekete la mwana wanga langobwerera kwawo. Khungu lathu silipeza dzuwa lokwanira kumeneko, ndiye madontho a vitamini D tsiku ndi tsiku, ndi mafuta odzola ambiri, chifukwa hita imaumitsa khungu la mwana mpaka kuchita mamba.

Apongozi akauzidwe ndi mwana wawo, atapita yekha ku Jali, pamkeka, osati pafoni. Awagulire foni ya WhatsApp ndi kasola kotchajira, asankhe mdzukulu wa pamudzi wowatsegulira, ndipo Lamlungu lililonse masana likhale lawo. Nthawi yozizira Scotland imatsalira m'mbuyo maola awiri, nthawi yotentha ola limodzi. Chimene mayiwo akuopa n'chakuti adzukulu adzawalonjera m'Chingerezi. Pamenepo ndili ndi mlandu wanga, muuwerenga m'munsimu.

Azakhali,
Akazi anga apeza malo a digiri ya masters ya chaka chimodzi ku England, tikulipira tokha titagulitsa puloti. Ndikufuna ndiwatsatire ndi mwana wathu wa miyezi 10. Mkulu wina wati viza ikavuta andipezera pepala la ntchito yosamalira okalamba, bola ndimupatse kangachepe.
Bambo wa ku Sadzi

Achimwene, kangachepeko kasungeni. Kuyambira Januwale 2024, wophunzira masters ya m'kalasi ku Britain saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Amene amaloledwa ndi a maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi amene boma likuwalipirira. Khomo linalo ndi lotsekanso. Mu Malichi 2024 analetsa osamalira okalamba kubwera ndi mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 anasiyiratu kupereka viza imeneyo kwa ofunsira ali kunja kwa Britain. Mkulu wanuyo akukugulitsani mphepo. Ngakhale kwa anamwino, Malawi ili pa mndandanda wa mayiko amene Britain salola makampani kudzasakamo antchito azaumoyo. Munthu amafunsira yekha ntchito ku chipatala. Aliyense wobwera ndi "ndikuthamangitsirani mapepala" ndi dobadoba, kaya wavala tayi.

Zatsala njira ziwiri. Mayi apite okha chaka chimodzicho, inu mulere, mwina n'kukawaona pa viza ya alendo imene siilola kugwira ntchito. Kapena alembere yunivesiteyo kupempha kuti malo awasungire chaka chamawa, zimene masukulu ambiri amavomera. Mwana wa miyezi 10 akadali kubere. Ndikanakhala ine ndikanapempha chaka chamawa, ndalama ya puloti n'kuiika kumene dzanja la achibale silifika.

Azakhali,
Ndimakhala ku Leeds koma kwathu ndi ku Domasi. Tinabwera kuno ana ali ndi zaka 4 ndi 2, pano ali ndi 9 ndi 7. Chichewa amamva pang'ono koma amayankha m'Chingerezi, Chiyao ndiye ziii. Mayi anga akaimba foni ana amathawira kuchipinda. Tinalakwitsa pati, nanga zingakonzeke?
Bambo wa ku Domasi, Leeds

Achimwene, munagwa m'dzenje limene ndinagwamo ine. Titafika ku Glasgow ndinkaopa kuti wachisamba atsalira m'kalasi, ndiye tinapangana ndi bambo ake kuti m'nyumba tizilankhula Chingerezi. Kupusa kwake! Mwana anatola Chingerezi pabwalo la masewera m'miyezi itatu, Chingerezi cha ku Glasgow chimene ine mphunzitsi sindinkachimva, n'kuyamba kukonza changa. Chilankhulo chimenecho chinali pa TV, m'basi, kusukulu, kutchalitchi, paliponse. Chichewa m'dera lonselo chinali ndi pakamwa pawiri pokha, ndipo tinapatseka tokha. Aphunzitsi a uko eni ake anadzandiuza kuti kunyumba ndizimulankhula chakwathu, sichisokoneza sukulu, koma apo n'kuti madzi atatayika kale.

Tinabwerera mu 2016. Tsiku loyamba kwa mayi anga ku Songani, iwo atayala mkeka akutongola chimanga, anafunsa mdzukulu wawo, "Kodi iwe wandiiwala?" Mwana anatembenukira kwa ine kuti ndimumasulire. Mayi sananene kanthu, anangopitiriza kutongola. Ine ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Zimakonzeka, makutu a mwana wa zaka 9 ndi wa 7 akadali ofewa. Musayambe ndi bolodi ndi choko Loweruka m'mawa, adzachida mpaka kalekale. Yambirani kukhitchini: tenga mchere, sonkhezera, vundula, samba m'manja. Inu ndi mayi awo muzilankhulana chakwanu nthawi zonse, makamaka pokamba zimene anawo akufunitsitsa kumva, chifukwa palibe chophunzitsa mwana chilankhulo msanga ngati miseche ya makolo. Akayesa n'kupotoza lilime musaseke, ndipo abale muwachenjeze asamawatche azungu. Wanga anasiya kuyesa miyezi ingapo chifukwa cha msuweni amene anamujambula akulephera kunena "ng'ombe" n'kuponya pa gulu la banja.

Foni ya agogo imawathawitsa chifukwa imakhala mafunso okhaokha ngati kukhoti: muli bwanji, sukulu ikuyenda, mubwera liti. Apempheni mayi ajambule mawu akuimba nyimbo kapena akusimba nthano ya Kalulu, m'Chiyao momwemo ngati akufuna, anawo azimvetsera pogona. Mwana amene sangathe kupanga chiganizo amatha kuyankha "tili tonse", ndipo poyambira ndi pamenepo. Misonkhano ya Amalawi pa 6 Julayi mupite nawo, adye nsima ndi anzawo, koma musaidalire, chifukwa ana akakumana okhaokha amabwerera ku Chingerezi. Mankhwala amene ndinawaona akugwira ndi tchuthi chachitali chija cha masabata 6 chonse ku Domasi, pamudzi pakati pa asuweni, inu osamasulira kanthu. Mukawatengera ku loji ya kunyanja mwataya tikiti. Anga Chichewa chinabwerera m'teremu imodzi pa sukulu ya pulayimale kuno, ngakhale mpaka lero wamkulu akapsa mtima amakalipa mwa ku Glasgow, nyumba yonse n'kugwa ndi phwete.

Popeza Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo mu 2018 kuti Mmalawi atha kukhala nzika ya mayiko awiri, mapepala awo a kuno muwasamale. Tsiku lina adzafuna kumanga pa malo a kwawo.

Azakhali,
Kalatayi akundilembera mdzukulu wanga. Mwana wanga wamkazi akubwera mu Disembala kuchokera ku Britain ndi adzukulu atatu amene sindinawaonepo, wamng'ono ali ndi zaka 2. Ndiwakonzere chiyani kuti asadwale, nanga pobwerera ndiwapatsire chiyani?
Gogo wa ku Kachulu

Amayi, zikomo pondilembera, ndipo mdzukulu wolembayo awerenge pang'onopang'ono. Choopsa ndi chimodzi, malungo. Disembala ndi mvula, inu muli m'mphepete mwa Chilwa, ndipo magazi a ana obadwira uko sanakumanepo ndi udzudzu wathu. Malungo amene mdzukulu wa pamudzi amayenda nawo, awa angawagwetse m'masiku awiri. Mayi awo nawo asadzinamize kuti anabadwira kuno, mphamvu ija imatha munthu akakhalitsa kunja. Muwauze akaonane ndi adokotala uko kukadali mwezi wathunthu asananyamuke kuti apatsidwe mankhwala oteteza, amene amayamba kumwedwa ulendo usanayambe n'kupitirira atabwerera. Inu konzani maneti opanda chibowo, aliyense pogona pake, ndipo dzuwa likamalowa ana avale zamanja aatali. Wina akatentha thupi, kuchipatala tsiku lomwelo. Akakatenthanso atabwerera, ngakhale patapita miyezi, mayi awo akanene kuti ana anali ku Malawi, chifukwa adokotala a uko malungo sawaganizira msanga.

Madzi akumwa muwiritse. Mango muwatsukire, adye mpaka atope, chifukwa uko bango limodzi amagula ngati nyama. Chimbudzi chokumba chidzawaopsa, kugula kapoti ka pulasitiki si manyazi. Akakana therere musakhumudwe, akalephera kugwada musawakalipire, muwaonetse mukuseka. Ana a pamudzi asawaunjirire ngati aona gule.

Pobwerera, nyama ndi mkaka Britain salola kulowa nazo, ngakhale nyama yofutsa. Nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20 pa munthu, ndiye matemba anuwo adutsa, bola aume bwino, muwakulunge m'mapepala a pulasitiki kawiri katatu kuti zovala zisakanunkhe nsomba mpaka Isitala. Ufa musawalemetse nawo, wa chimanga umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa uko, ngakhale sufika pa woyera wa kwathu.

Chomaliza, nkhuku ya alendo muiphe iwo asanafike, kapena kuseri kumene sakuona. Ana a uko nkhuku amaidziwa ili m'pepala la mufiriji. Mayi anga anasankha tambala wonenepa n'kumumangirira pamtengo wa mango kuti aphedwe mawa lake. Pofika m'mawa wamng'ono wanga anali atamupatsa kale dzina, atamudyetsa mabisiketi, atamumasula chingwe. Mpeni utatuluka kunali kulira kumene anansi anathamangira poyesa kwagwa maliro. Tsikulo tinadyera nkhwani wotendera, ndipo tambalayo anadzafa ndi ukalamba.